Kufulumizitsa mayeso a NIST SP 800-22 popanda kusintha zotsatira zake

Ntchitoyi inali pa kachipangizo kolipirira ndi khadi, kamene mkati mwake muli chip chopanga manambala achisawawa. Manambala amenewa ndi omwe amasanduka makiyi obisira uthenga, ndiye ngati wina angathe kuwalosera, chitetezo chonse chapita, kaya AES yake, njira yobisira uthengawo, ndi yabwino chotani. Gwero lake ndi ma ring oscillator, timizere ta zipata za magetsi tolumikizidwa mozungulira, timene kugunda kwake kumasokonekera pang'ono chifukwa cha phokoso la m'silikoni. Kusokonekerako n'kumene timakolola n'kusandutsa mabiti, ma 0 ndi ma 1.

Kasitomala analemba mu mgwirizano kuti akufuna lipoti la mayeso a NIST SP 800-22, oona ngati mabiti akuoneka achisawawadi. Anzathu opanga bodi ankafuna zoposa pamenepo: chip chilichonse chiyesedwe pachokha, pozizira ndi potentha, pa voteji yotsika ndi yokwera. Koma ulendo umodzi wa mayeso onse unkadya maola, moti m'malo moyesa zonsezo tinkangosankha zochepa, zina n'kumangoti mwina zili bwino. Ine ndinapatsidwa kuti ndichepetse nthawiyo.

Ulendo umodzi ndi chiyani

NIST ndi bungwe la boma la America loona za miyezo, ndipo kope la SP 800-22 limene anthu akugwiritsa ntchito, Revision 1a, linatuluka mu Epulo 2010. Muli mitundu 15 ya mayeso, koma ina imatulutsa mayankho ambiri, moti mzere umodzi wa mabiti umabereka ma p-value 188, manambala a pakati pa 0 ndi 1 amene akachepa kwambiri amasonyeza kuti mzerewo ukukayikitsa. Mwa amenewa, 148 amachokera ku non-overlapping template yokha, 18 ku random excursions variant, 8 ku random excursions. Ife tinkayesa mizere 1,000, uliwonse wa mabiti 1,000,000, zomwe ndi 125 MB pa disiki. Mzere umalephera ngati p-value yake ili pansi pa 0.01. Pamapeto pamayang'anidwa zinthu ziwiri: kuti mizere yopambana isachepere pa 0.9806 ya yonse, komanso kuti ma p-value abalalike mofanana m'zigawo khumi za pakati pa 0 ndi 1. Pamene zalakwika, fayilo ya finalAnalysisReport.txt imaika kanyenyezi.

Kumene nthawi inkathera

Tisanakhudze kalikonse tinayendetsa pulogalamu ya NIST, STS 2.1.2, pansi pa perf, chida choonetsa kumene pulogalamu ikuthera nthawi. Mayeso ambiri sankaoneka n'komwe. Wodya nthawi wamkulu anali linear complexity, kenako non-overlapping template, ndipo DFT, serial ndi approximate entropy ankabwera pambuyo.

Muzu wake ndi umodzi. Pulogalamuyo imasunga biti iliyonse mu baiti yakeyake (malo okwana mabiti 8), mu array yotchedwa epsilon, n'kumaiyendera imodziimodzi. Purosesa yotha kugwira mabiti 64 pa lamulo limodzi imakhala ikugwira imodzi yokha, ngati munthu wowerenga thumba la chimanga njere ndi njere, ndowa ili pambali pake. Sindikunena monyoza. Anailemba kuti munthu aike chikalata kumanzere, khodi kumanja, n'kuona kuti zikugwirizana, ndipo pa cholinga chimenecho anakhoza. Komanso njirayi sitinayambe ndife. Mu 2014 Marek Sýs ndi Zdeněk Říha a ku Masaryk University ku Brno analembanso mayeso onsewa ndipo anapeza kuti akuthamanga kuwirikiza pafupifupi ka 30. Maganizo ambiri tinatengera kwa iwo. Tinalemba yathu chifukwa tinkafuna yolandira mabiti molunjika kuchokera pa benchi, komanso yogwiritsa ntchito ma core onse.

Lamulo limodzi tisanalembe khodi

Pulogalamu yofulumira imene imapereka yankho losiyana pang'ono si SP 800-22 ayi, ndi mayeso ena amene palibe anawaunika. Ndiye tinagwirizana kuti kuyerekeza ma p-value okha sikukwanira, chifukwa amasindikizidwa ndi manambala 6 okha pambuyo pa dontho ndipo amatha kubisa kusiyana kwakung'ono. Tinaika mu STS mizere yoti izitulutsa ziwerengero zamkati: ma 1 angati, ma run (mabiti ofanana otsatizana) angati, rank ya matrix iliyonse, kutalika kwa LFSR (kamakina kobereka biti yatsopano kuchokera ku mabiti am'mbuyo) pa chigawo chilichonse. Zimenezi ndi manambala athunthu, ndiye zimafanana kapena sizifanana, palibe za pafupifupi. Tinayamba ndi mafayilo omwe NIST imapereka, monga data.e ndi data.pi, kenako mizere yopangidwa dala kuti ivute: ma 0 okhaokha, 0101 mpaka kumapeto, ndi mizere yosagawika ndi 64.

Msampha woyamba womwe lamuloli limagwira ndi dongosolo la mabaiti. STS imawerenga baiti kuyambira biti yapamwamba, koma purosesa ya x86 ikanyamula mabaiti 8 pamodzi imaika yoyamba kumunsi. Tengani mabaiti awiri, 0x0F ndi 0xFF. STS imaona 00001111 11111111, omwe ndi ma run awiri. Mukawatembenuza mumapeza 11111111 00001111, ma run atatu. Koma ma 1 alipo 12 konsekonse, ndiye mayeso a frequency apereka 0.953749 pa data.e monga NIST inalembera, inu n'kuganiza kuti zonse zili m'malo, pamene ena onse odalira dongosolo la mabiti asokonekera. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi la bswap, lotembenuza dongosolo la mabaiti, ponyamula.

Osavuta

Mzere wa mabiti 1,000,000 ndi mitolo 15,625 ya mabiti 64. Frequency ndi block frequency ndi popcnt basi, lamulo lowerenga ma 1 mu mtolo. Pa runs mumachita XOR (imene imapereka 1 pamene mabiti awiri asiyana) ya mtolo ndi mtolo womwewo wosunthidwa malo amodzi, n'kuwerenga ma 1, osaiwala malire a pakati pa mitolo. Pa rank, matrix ya 32 ndi 32 imakhala manambala 32, ndipo kuchotsera mzere pa unzake ndi XOR imodzi. Mzere uliwonse umapereka ma matrix 976 ndipo mabiti 576 otsala amatayidwa, monga momwe STS imachitira. Longest run ndi cumulative sums tinawapangira matebulo a malo 256, baiti iliyonse n'kudziwikiratu zimene imawonjezera. Apa panalibe chovuta.

Kuyenda kamodzi m'malo moyenda ka 148

Non-overlapping template imafunafuna kandondomeko ka mabiti 9, kotchedwa template, m'zigawo 8 za mabiti 125,000. Ikakapeza imadumpha mabiti onse 9 n'kupitiriza, ikapanda kukapeza imasuntha biti imodzi. STS imachita zimenezi template iliyonse payokha, ndiye imayendera mzere wonse ka 148. Pa mizere 1,000 ndi malo oyang'ana pafupifupi 148 biliyoni.

Poyamba kudumphako kumaoneka ngati kumaletsa kuphatikiza maulendowo, chifukwa template iliyonse imadumpha pa malo ake. Koma taonani chifukwa chake ma template ali 148 osati 512. Anasankha okhawo amene sangadzikwere okha, amene chiyambi chake sichifanana ndi mapeto ake pa utali uliwonse. 000000001 ali m'gulumo, 101010101 mulibe. Ngati template singadzikwere, ndiye kuti pa malo 8 odumphidwawo sipakanapezeka ina yofanana nayo. Kudumphako sikusintha chiwerengero ngakhale pang'ono. Choncho timayendetsa kazenera ka mabiti 9 kamodzi kokha, nambala imene ili pazenera n'kukhala adiresi mu tebulo la malo 512, n'kuwonjezerapo 1. Chigawo chikatha timatolamo 148 amene tikufuna. Chofunika kusamala n'chakuti kazenerako kasadutse malire a chigawo.

Nzeru yomweyi imagwira pa serial ndi approximate entropy. Serial imafuna ziwerengero za timagulu ta mabiti 16, 15 ndi 14, inayo ta 11 ndi 10, ndipo STS imayendera mzere kasanu. Popeza onse awiri amalumikiza mapeto a mzere ku chiyambi chake, chiwerengero cha kagulu kafupi ndi kuphatikiza kwa timagulu tiwiri tatitali, kothera ndi 0 ndi kothera ndi 1. Mukawerenga ta 16 kamodzi, zina zonse mumazipeza pongophatikiza awiriawiri. Tebulo lake ndi la malo 65,536, omwe pa mabaiti 4 ndi 256 KB. Silikwana mu cache yoyamba, n'chifukwa chake phindu la apa silinafike pa lija la ma template.

Linear complexity

Apa ndi pamene panali nkhondo. Mayesowa amadula mzere m'zigawo 2,000 za mabiti 500, ndipo pa chilichonse amafunsa kuti LFSR yaifupi kwambiri yotha kubereka chigawocho ndi yotalika bwanji. Pa mabiti achisawawa yankho limakhala pafupi ndi 250. Njira yowerengera ndi ya Berlekamp ndi Massey, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Imatenga biti imodziimodzi, n'kuona ngati LFSR yomwe ili nayo yalosera molondola. Ikaphonya imakonzedwa pogwiritsa ntchito ina yakale imene inasungidwa. Pa mabiti achisawawa imaphonya pafupifupi theka la nthawi, ndipo mu STS kuphonya kulikonse kumabweretsa ma loop atatu oyenda malo onse 500, limodzi mwa iwo lili ndi % 2 mkati. Muchulukitse ndi zigawo 2 miliyoni za ulendo umodzi, muona kumene maola ankapita.

Pali njira ziwiri. Yosavuta ndi kulongedza mabiti 500 m'mitolo 8. Kulosera kumasanduka AND ndi popcnt, kukonza kumasanduka XOR, ndipo khodi yake munthu angathe kuiwerenga n'kuimvetsa tsiku lomwelo. Ina ndi kutembenuza ntchito yonse: m'malo moti mtolo ukhale mabiti 64 a chigawo chimodzi, ukhale biti imodzi ya zigawo 64 zosiyana, kuti lamulo lililonse liyendetse zigawo zonsezo limodzi. Zigawo 2,000 zimakhala magulu 31 odzaza ndi limodzi la 16.

Njira yachiwiriyi imavuta chifukwa zigawo 64 siziphonya nthawi imodzi. China chikufuna kukonzedwa, china ayi, ndiye if aliyense amachotsedwa n'kulowa mask: mumawerengera zonse, kenako AND imasankha zoyenera kusintha. Vuto lina n'lakuti LFSR yosungidwa ija imasunthidwa mtunda wosiyana pa chigawo chilichonse. Pamenepa mumangoisuntha malo amodzi pa sitepe iliyonse, zigawo zonse mofanana, ndipo mtundawo umadzisunga wokha. Yachiwiriyi ndi imene imathamanga kwambiri ndipo ndi imene timagwiritsa ntchito, koma yoyamba sitinaitaye. Pa ulendo uliwonse imawerengeranso zigawo zingapo zosankhidwa, ndipo zikasiyana pulogalamu imaima. Khodi ya ma mask ndi yoti ngakhale woilemba akabwererako pakapita miyezi amayamba wakanda m'mutu, ndiye ndinaona kuti mlonda wotereyu ndi wotchipa.

DFT, imene sinalole zambiri

Mayeso a DFT, ofufuza zobwerezabwereza m'mabiti pogwiritsa ntchito masamu otchedwa FFT, salongedzeka. Biti iliyonse iyenera kusanduka +1 kapena -1 mu double, mabaiti 8, ndiye mzere umatupa kufika 8 MB. Chimene tinachita ndi kuchotsa FFT ya mu STS n'kuikapo FFTW, khodi yofulumira ya FFT ija ya Matteo Frigo ndi Steven Johnson ku MIT, plan yake n'kupangidwa kamodzi kokha. Mwayi wake 1,000,000 ndi 2 kasanu ndi kamodzi kuchulukitsa ndi 5 kasanu ndi kamodzi, utali womwe FFTW imayenda nawo bwino. Layisensi yake ndi GPL, zomwe sizivuta pa chida cha mu labu, koma wofuna kuiika mu chinthu chogulitsa ayambe wafunsa.

Njira ziwiri zachidule tinazikana. Kuwonjezera ma 0 kuti utali ufike 1,048,576 kumasintha mayesowo. Kutsika kuchoka pa double kupita pa float kumathamangitsa ndithu, koma mayesowa amawerenga nsonga zimene zili pansi pa malire a 1730.8, ndipo zoyembekezeka ndi 475,000. Nsonga yokhala pamalire penipeni ingagwere mbali ina chifukwa cha kusiyana kochepetsetsa. DFT ili kale ndi mbiri yovuta. Mu 2004 Kim, Umeno ndi Hasegawa a ku Japan anaonetsa kuti malire ake ndi variance yake zinali zolakwika, ndipo NIST inakonza. Sindinafune kuti ife tiwonjezerepo chikaiko china.

Zotsatira zake n'zakuti DFT, imene poyamba inali kumbuyo, tsopano ndi imene imadya gawo lalikulu la nthawi. Ndi zija Gene Amdahl ananena mu 1967: gawo limene simunalifulumizitse ndi limene limaika malire.

Pa random excursions panali kanzeru kamodzi kokondweretsa. Mabiti amasanduka masitepe okwera ndi otsika, ndipo chofunika ndi nthawi imene woyendayo ali pakati pa -9 ndi +9. Akatalikira zero kupitirira 73 sangabwerere m'deralo ndi masitepe 64, ndiye mtolo wonse timaudumpha ndi popcnt imodzi. Pa masitepe miliyoni amakhala kutali nthawi zambiri. Ndipo musadabwe mukaona kuti lipoti la mayesowa lili ndi mizere ya m'ma 600 m'malo mwa 1,000. Amafuna mzere wobwerera pa zero kosachepera ka 500, ndipo masamu amati otere amakhala pafupifupi 62 pa 100 iliyonse.

Chomaliza chinali kugawa mizere ku ma core, chifukwa mzere uliwonse sudalira unzake. STS siilola zimenezi mosavuta popeza epsilon ndi imodzi ya pulogalamu yonse. Mu yathu thread iliyonse ili ndi malo ake, plan ya FFTW imapangidwa ma thread asanayambe chifukwa kupanga plan sikuloledwa kuchitika pawiri nthawi imodzi, ndipo zolembalemba zimadikira kumapeto. Ulendo wa maola uja unatsika kufika mphindi zochepa, ziwerengero zonse zamkati zikufanana ndi za STS.

Zimene liwirolo linatiululira

Nthawi itapezeka tinayamba kuyesa zomwe tinkazisiya. Chip chathu chili ndi potulukira pawiri: mabiti aawisi ochokera ku ma oscillator, ndi omwe adutsa mu SHA-256, njira yosakaniza mabiti, n'kulowa mu DRBG, khodi yobereka mabiti ambiri kuchokera ku mbewu yochepa. Malipoti akale onse anali a achiwiriwa, chifukwa ndi amene kasitomala amaona. Tinayendetsa aawisi pa kutentha ndi voteji iliyonse imene benchi ingapereke.

Pafupifupi ponse zinali monga tinkayembekezera, kukondera pang'ono kumene mabiti aawisi sasowa. Koma pa voteji yotsika, purintala ya malisiti ikamagwira ntchito, DFT ndi serial zinagweratu, ma p-value kungounjikana m'chigawo choyamba. Titajambula zotuluka mu FFT yomweyo panaoneka nsonga zazitali zotalikirana mofanana. Pa oscilloscope, phokoso la regulator, kachipangizo kokhazikitsa voteji, linali likulowa pa waya wodyetsa ma oscillator, ndipo iwo m'malo moti aliyense azigunda payekha anali atagwirana n'kumayendera limodzi. Zimenezi n'zodziwika. Mu 2009 Theodore Markettos ndi Simon Moore a ku Cambridge anaonetsa kuti munthu angathe kuchita dala zomwezi polowetsa frequency pa waya wa magetsi, ndipo anayesera pa khadi yolipirira. Kwathu panalibe mdani, bodi inkadzichita yokha.

Mkulu wa opanga bodi atabwera pa benchi anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye mukuti chip chadwala, chonsecho lipoti lija munatipatsa linalibe vuto?"

"Lija ndi loona, bwana, koma ndi la zotuluka mu SHA-256. Ngakhale panopa tikaziyesa zipambana."

Tinaziyesadi iwo ali pomwepo, voteji yomweyo, purintala ikulira, ndipo zinapambana. Palibe chodabwitsa. SHA-256 imasakaniza bwino chilichonse chimene mwaipatsa, ngakhale mungoipatsa 1, 2, 3 motsatizana. AES mu counter mode yokhala ndi kiyi ya ma 0 okhaokha, imene aliyense akuidziwa, imapambananso mayesowa. Mayeso a ziwerengero amaona maonekedwe a mabiti, sadziwa kuti mdani akudziwapo zochuluka bwanji. Pakati pa 2006 ndi 2008 OpenSSL ya mu Debian inkapanga makiyi kuchokera pa nambala ya process yokha, zotheka zosapitirira 32,767, mpaka Luciano Bello anatulukira vutolo mu Meyi 2008, ndipo makiyiwo pamaso ankaoneka achisawawa ndithu. NIST yomwe mu 2022 inalengeza kuti ikonzanso SP 800-22, ndipo mwa zina ifotokoza kuti siyoyenera kugwiritsidwa ntchito poweruza majenereta a cryptography. Poyeza entropy ya gwero, kuchuluka kwa chisawawa chenicheni chimene lili nacho, pali SP 800-90B ya 2018, ndipo ku Germany bungwe la BSI lili ndi AIS 31. Zonse ziwiri zimafuna mabiti aawisi, komanso kuti mufotokoze kumene chisawawacho chikuchokera.

Liwiro linabweretsanso vuto lake. Munthu akamayendetsa maulendo ambiri amaona tinyenyezi tambiri, ndipo ena anayamba kuda nkhawa ndi kalikonse. Pa ma p-value 188 ndi malire a 0.01, mayesowo akanakhala osadalirana, mzere wabwinobwino ukanalephera penapake ka 85 pa 100. Amadalirana pang'ono, koma chithunzi chake n'chomwecho. Lipoti la mizere 1,000 nalonso limatha kukhala ndi kanyenyezi kamodzi kapena tiwiri pa ma template 148 aja jenereta ili bwinobwino. Choopsa china n'chakuti kubwereza kukatchipa, munthu amakopeka kumangobwereza mpaka atapeza lipoti loyera n'kutumiza limenelo. Tinalemba lamulo pasadakhale: kanyenyezi kakaoneka, timatenga mabiti atsopano pa chip chomwecho ndi voteji yomweyo, kubwereza kamodzi, ndipo malipoti onse awiri amasungidwa. Kakabwerera pa mayeso omwewo ndiye nkhani. Ka pa voteji yotsika kaja kankabwerera nthawi zonse.

Zimene zinatumizidwa ndi zimene zatsala

Kasitomala analandira lipoti la SP 800-22 monga mgwirizano unanenera, lopangidwa ndi pulogalamu yathu, pamodzi ndi ulendo umodzi wathunthu wa STS yeniyeni pa mabiti omwewo kuti aone kuti zikufanana. Tinawonjezera tsamba lonena mosabisa kuti kupambana kwa zotuluka mu DRBG kumangotsimikiza kuti khodi yosakaniza ilibe cholakwika chachikulu, ndi gawo lina la mabiti aawisi lofotokoza vuto la regulator. Opanga bodi anapatsa ma oscillator fyuluta yawoyawo pa waya wa magetsi, ndipo pa bodi yatsopano nsonga zija sizinaonekenso pa voteji iliyonse imene tinayesa.

Mu firmware munali kale mayeso awiri a SP 800-90B oyenda nthawi zonse, repetition count ndi adaptive proportion, koma sanalire pa vutoli, chifukwa mabiti obwerezabwereza mwa ndondomeko amatha kukhala ndi ma 0 ndi ma 1 ofanana kuchuluka. Anzathu a firmware akulemba mayeso achitatu oyerekeza mabiti aawisi ndi anzawo a mitunda ingapo kumbuyo, pogwiritsa ntchito XOR ndi kuwerenga ma 1 monga tinachitira pa runs. Malire ake sanakhazikitsidwebe, akudikira kuti timalize kuyeza entropy ya bodi yatsopano m'bokosi lotenthetsera.